Bulangete la m'buti

Pakhomo pathu ku Matero, mu Lusaka, pali galimoto imene yakhala pa njerwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi ya bambo anga. Kampani imene ankayendetsako mabwana itagwa, anawapatsa galimotoyo m'malo mwa zikomo. Anaiyendetsa miyezi iwiri, petulo n'kuwakanika.

M'mawa uliwonse amaipukuta, kenako amakhala pampando wa dalaivala, maso ali patali. Ine ndimadziwa kumene amakhala ali. Amakhala atawoloka kale Luangwa, akutsetserekera ku Katete, mawindo ali otsegula, anthu akusiya makasu m'munda kuti aone mwana wa Nabanda akubwera kwawo. Amatsika pokhapokha mayi akawaitanira tiyi.

Lolemba kunabwera uthenga woti agogo, Nabanda amene, adwala kwambiri. Ndinauza bambo kuti akwere basi ya m'mawa mwake. Anakana.

"Bulangeti ya amai ili mu buti," anatero. "Siningayende chimanjamanja."

Bulangetelo analigula sabata imene analandira galimoto, kuti akalipereke okha akadzafika pa mateyala anayi. Vuto ndi loti buti la galimoto imeneyi silitseguka wamba. Kiyi wake anathyokera momwemo kalekale. Chotsala ndi batani la kutsogolo, ndipo batanilo limadalira injini. Injini ikamalira imayamwa mpweya m'kapaipi ka labala kamene kamadutsa pansi pa mipando, kuyamwako n'kumakoka loko. Nanga injini yogona zaka zonsezi iyamwa chiyani?

Ndinabwera ndi nyundo. Bambo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ukaononga buti, katundu tizaika kuti poyenda ku mudzi?"

Ndinabweza nyundo. Ndimawakonda bambo anga, ndipo sindinafune kukhala ine wowauza kuti galimotoyo siidzapita kulikonse.

Lachiwiri tinaitana ba Mulenga, makaniko wachikulire wochokera ku migodi, amene sadziwa kufulumira. Anachotsa mpando wakumbuyo, anazula kapaipi ku batani, n'kukayamwa ndi pakamwa. Kenako anatsekapo ndi lilime.

"Ngati paipi ili bwino, ifunika igwire lilime," anatero. "Iyi siigwira. Iliko na kabowo kwinangu."

Anayatsa ndudu n'kuuzira utsi m'kapaipimo. Tonse tinasuzumira m'galimoto. Patapita kanthawi, utsi unayamba kutuluka pansi pa kapeti, wina pafupi ndi chitseko, wina kuseri kwa mpando, ukukwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa. Bambo ankamwetulira. Kwa iwo galimoto inali itadzuka. Ine ndinkawerenga malo amene makoswe anadya, ndipo anali anayi.

Labala wotere m'tauni simupezekanso. Lachitatu ba Mulenga anabwera ndi timapaipi ta diripi timene anawapatsa mlamu wawo wogwira ntchito kuchipatala. Analumikiza, anamanga ndi ulusi, anauziranso utsi. Sunatuluke paliponse. Anatenga mpope wa njinga, anatembenuza kachikopa ka m'kati kuti uziyamwa m'malo mopopa, n'kuuza bambo kuti adinize batani. Ba Mulenga anakoka mpope kamodzi, kawiri. Kachitatu buti linangoti phwa, n'kudzuka lokha.

Bulangete linali momwemo m'pulasitiki yake, lofiira, lamaluwa, ngakhale khoswe sanaligunde. Kunena zoona ndinasangalala. Tinawomba m'manja ngati tapambana mpira.

Inu owerenga, musawaseke bambo anga. Yendani m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George, muwerenge magalimoto okhala pa njerwa amene eni ake amawapukutabe. Ndi angati mwa ife amene tinachoka kumudzi tikulonjeza kuti tidzabwera titakhala anthu? Makampani anatsekedwa, ufa unakwera, koma lonjezo lija tikulisungabe. Timati tidzapita zinthu zikakhalako bwino. Timaopa kutsika basi ndi kachikwama kamodzi, ana a m'mudzi n'kufunsana kuti, kodi wa ku Lusaka uja ndi ameneyu? Ineyo ndili ndi azakhali ku Petauke amene ndakhala ndikuwauza kuti ndibwera ndikapeza ntchito yooneka. Chaka chino n'chachinayi.

Bambo anakwera basi Lachinayi m'mawa, bulangete lili pamiyendo. Anakana kuliika pamwamba ndi katundu wina.

Lachisanu anaimba foni pagolosale ya aneba athu. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Anati agogo anatisiya Lachitatu masana, nthawi imene ife tinkamanga timapaipi ndi ulusi. Anati Lachiwiri lonse agogo ankafunsa ngati basi ya ku Lusaka yadutsa. Za galimoto sanafunseko.

Ine ndinafunsa zopusa. Ndinafunsa za bulangete.

"Yagwira nchito," anatero bambo. "Tinabafundika mu bokosi."