Mmene Manja a Mayi Makwinja Anapumulira

Ndinakhala moyang'anizana ndi Mayi Eluby Makwinja zaka khumi ndi ziwiri mu ofesi ya pasukulu ina ya sekondale ku Domasi. Iwo ankatayipa mayeso pamasitensulo, ine ndinkapukusa makina osindikizira. Pepala likatuluka lakuda bii, aphunzitsi ankakalipira ine. Likatuluka looneka bwino, ankayamika iwo. Sindinkadandaula, chifukwa mayiwa analidi katswiri. Kabotolo ka mankhwala ofiira ofufutira zolakwika kankawaumira asanakafikitse n'pakati pomwe.

Amene sanatayipepo sitensulo sadziwa kuti ndi ntchito yofuna mphamvu. Umachotsa riboni ya inki pamakina otayipira, kenako chilembo chilichonse umachimenya mpaka chidinde phula la papepalalo. Teremu ikamatha, mayiwa ankamenya choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja atapindika pamakina. Koma kwawo kwa Malemia ankati Eluby anachita mwayi, amadya ndalama atangokhala pampando.

M'chaka cha 1994 ndinayamba kuwaona akukutumula manja ngati munthu amene wasamba koma alibe chopukutira.

"Achemwali, kwagwanji?" ndinawafunsa.

"Ndi dzanzi chabe, a Percy. Ndinagonera dzanja."

Dzanja limenelo analigonera zaka ziwiri zathunthu. Zala zinali kufa pang'onopang'ono, ndipo iwo ankadziwa. Ankabisa poopa kuti ahedi akamva awachotsa pamakina n'kuwaika podinda makalata. Kutayipa n'kumene kunkawasiyanitsa ndi ife tonse.

Tsiku lina m'chaka cha 1996 anagwira kapu yachitsulo ya tiyi wowira, n'kumacheza nane bwinobwino. Ataiika pansi, zala zinali zitatuluka matuza, iwo osamva kanthu. Ndinapsa mtima. Mawa lake ndinawakweza minibasi pa Songani ndekha, kuti asathawire kumsika.

Adokotala a m'tauni anatenga singano n'kumabaya chala chimodzichimodzi. Chachikulu, zii. Cholozera, zii. Chapakati, ziinso. Chotsatira chinangomva pang'ono. Atafika pa kachala kakumapeto, mayiwa anadzidzimuka.

"Kameneko kali ndi mtsempha wakewake, umadutsa njira ina," anatero adokotala. "Zinazi mtsempha wake umadutsa pakanjira kopapatiza, apa polumikizira dzanja ndi mkono. Munthu akamagwira ntchito dzanja litapindika tsiku ndi tsiku, pamenepa pamatupa n'kuufinya. Zimachitikanso kwa amayi oyembekezera, odwala shuga ndi a nyamakazi. Koma inu, mayi, ndi kutayipaku."

Anatchula za opaleshoni ku Blantyre, yotsegula kanjirako. Mayi Makwinja anabweza manja n'kuwabisa m'chitenje.

"Mpeni ayi, adokotala."

"Chabwino, tiyese zina kaye. Muzimanga manja ndi timitengo pogona kuti asapindike. Mumwe mapiritsi ochepetsa kutupa. Zikakanika tidzabaya jakisoni pamalopo. Koma chachikulu, manjawa apume miyezi iwiri. Musachite nazo masewera, mtsempha ukafa sudzukanso."

Analemba kalata yoti mayiwa apume pantchito yotayipa. Ahedi anavomera. Timitengo ndinasema ndine, tansungwi, n'kutikulunga ndi nsalu. Zonse zinayenda bwino, kupatula chinthu chimodzi chimene ine wobadwira m'chigwa chino ndinayenera kuchiganizira. Unali mwezi wa Meyi, mpunga utacha.

Patatha masabata atatu ndinapalasa njinga kukawazonda. Pakhomo panalibe munthu. Timitengo tija tinali titachapidwa bwino, titayanikidwa pachingwe. Mayiwa ndinawapeza kumunda, atawerama, chisikilo chili m'manja, atachimangirira kudzanja ndi kansalu kuti chisamapulumuke.

"Achemwali! Kupuma kwake n'kumeneku?"

"Adokotala anati kutayipa. Mukuona makina pano?"

Akulu awo, a Elizabeth, anaweramuka mtolo uli m'manja. "Inu bambo a ku ofesi, mukufuna akhale pakhonde manja ali lende, ife tikumweta? Anthu ati chiyani? Ntchito anaisiya kusukulu konko. Uku n'kuthandiza pakhomo."

Ndinalalata mpaka a m'minda yoyandikana anasiya kumweta n'kumandiyang'ana. Kenako ndinakumbukira kuti inenso tchuthi changa chonse ndinkathera pouma njerwa, ndipo sindinachitchepo ntchito. Kwathu kuno tchuthi ndi nthawi yopita kumunda, ndipo munthu amene akuyenda ndi miyendo yake sadwala. Anandipatsa mpunga watsopano m'kathumba, ine n'kulandira. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Mayi Makwinja anamweta, anapuntha, anapeta, anasinja. Pogona ankamanga timitengo mokhulupirika, osadumphitsa tsiku, ndipo mapiritsi anamwa onse.

Anabwera kuntchito mu Julaye akumwetulira. Kale manjawo ankabayabaya ndi kutentha, koma tsopano zonsezo zinali zitatha.

"Sakuwawanso, a Percy. Ndachira."

Tonse tinakondwera, ahedi anagula mabanzi. Koma atabwerera kwa adokotala aja, adokotalawo sanakondwere. Anayang'ana patsinde pa chala chachikulu, pamene pamakhala kamnofu kotumphuka, n'kupeza paphwa. Anati kusiya kuwawako sikunali kuchira, mtsempha unali utatsala pang'ono kufa. Anatinso opaleshoni ingathandize kuti zisapitirire, koma zambiri zimene zapita sizibwerera. Mayiwa anafunsa ngati minibasi za ku Songani zikadalipo nthawi imeneyo. Ku Blantyre sanapite.

Anatayipa zaka zina ziwiri, akuyang'anitsitsa zala zawo kuti adziwe pamene zagwera. Kabotolo kofiira kaja tinayamba kugula mwezi ndi mwezi. Masitensulo ena ndinkawabwezera mwakachetechete kuti akonze aphunzitsi asanaone, ndipo sitinkakambirana za izo.

M'chaka cha 1998 sukulu inalandira kompyuta, pamodzi ndi munthu woidziwa. Makina otayipira anakaikidwa pamwamba pa kabati, anga osindikizira anatsatira. Mayi Makwinja anawaika podinda makalata, pomwe paja anapathawa zaka zinayi. Ndinkayembekezera kuti alira kapena akalipa. Anangosuntha mpando.

"Chidindo sichifuna zala," anatero.

Ankachigwira ndi chibakera. Mabatani a bulauzi anasintha n'kuika akuluakulu. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo ndi chikhatho. Ukawafunsa za manja ankayankha kuti alipo, monga mmene munthu amayankhira za wachibale wakutali.

Chaka chotsatira mwana wawo Jessica anabereka mwana wamkazi. Ine ndi mayi a kunyumba tinapita kukaona khandalo Loweruka masana. Pakhonde panali amayi ambiri, akulandirizana mwanayo, aliyense akumusisita patsaya n'kumati koma ndiye ngofewa. Atafika kwa agogo ake, anamulandira ndi mikono, monga amanyamulira mtolo wa mpunga, n'kumugoneka pamiyendo.

Anamusisita patsaya ndi zala zonse, kawiri. Nkhope yawo sinasinthe. Amayi aja anapitiriza macheza awo, palibe anaona kanthu. Ine ndinaona, chifukwa manja amenewo ndinali nditawayang'ana zaka khumi ndi ziwiri.

Kenako anapinda zala zinayi zija. Anatambasula kachala kakumapeto kokha, n'kukayendetsa pang'onopang'ono kuchokera pakhutu la mwanayo mpaka pachibwano. Anabwerezanso. Anakasiya pomwepo nthawi yaitali.

"Akunena zoona, a Percy," anatero osadzutsa mutu. "Ngofewa."