Mlambe wa Kumapeto kwa Bwalo la Ndege

A Idi Kamal anabadwira ku Lifuwu pa 14 Malichi 1958, ndipo anayamba ntchito pa kabwalo ka ndege kuseri kwa Senga Bay pa 2 Juni 1989. Kabwaloko n'ka eni malo ena ogona alendo. Kalibe nsanja kapena makina. Kali ndi kachipinda ka malata, wailesi yolankhulirana ndi oyendetsa ndege, ndi mpando umene a Idi anaukhalira mpaka unalowa m'kati.

Ntchito yawo inali kupirikitsa mbuzi pabwalo, kenako kuuza woyendetsa ndege pamene maso akulekezera. Muyeso wawo unali mlambe wa kumapeto kwa bwalolo. Ukapanda kuoneka ali pakhomo pa kachipindako, ankanena kuti pansi sipali bwino. Kutera kapena kubwerera ankasankha ndi woyendetsayo. Chawo chinali kunena zimene aona, osawonjezera, osachotsera. M'miyezi yotentha tchire utsi unkaphimba mlambewo masiku ambiri, ndipo bwana wa malowo, a Alex, ankadandaula kuti alendo akubwerera ku Lilongwe chifukwa cha mtengo umodzi wa mlambe. Koma a Idi ankapitiriza kunena zimene aona. Anatero zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo palibe ndege inagwapo.

Lachiwiri pa 11 Okutobala 2022, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunabwera ndege ya alendo anayi. Ankayendetsa ndi a Pauline, amene anali atatera pamenepo kambirimbiri. A Idi anaima pakhomo n'kuyang'ana. Kunali mbuu. Ananena pawailesi kuti mlambe sukuoneka. A Pauline anazungulira kawiri, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Bambo Idi, ine kuno ndikuona mlambe, ndikuonanso mbuzi ziwiri pamthunzi pake. Lero kulibe utsi."

A Idi anapukuta m'maso ndi nsonga ya malaya, koma mbuu uja sanachoke. Anakumbukira kuti akazi awo, a Habiba, anali atawauza kawiri konse kuti akuthira tiyi pambali pa kapu.

"Ngati mukuona, terani, mayi. Ine sindikuona."

Ndege inatera bwinobwino. A Pauline anawalonjeza kuti sauza munthu, ndipo ntchito ikanapitirira. Koma a Idi usana wonse ankaganiza za mbuzi ziwirizo. Zikanakhala pakati pa bwalo, akanaziona ndani?

Lachisanu pa 14, atachoka ku mzikiti, anakapereka wailesi ndi makiyi kwa a Alex. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo dzina lawo linalembedwa pa mndandanda wa odikira opaleshoni.

Akudikirabe. Masiku ano amakhala pakhonde, atatopa ngati munthu wochokera kutali. Ndege ikamveka amadzuka pang'onopang'ono, atagwira mzati, n'kufunsa a Habiba ngati kunja kwayera.