Wogwira Nyali wa a Lonzo

Sikisi koloko m'mawa ndinamupeza Verlie Caudill kuseri kwa nyumba yake, akuchotsa matope m'mapazi mwa galu. Nsapato za amuna ake, a Lonzo, anali atatsuka kale, zikudontha madzi pakhonde. Pathabwa loyanikapo zikopa panalibe kanthu, choncho za usiku wapitawo sindinafunse.

Ine ndi Verlie tinakulira m'chigwa chimodzi, kuno kum'mawa kwa Kentucky. Anakwatiwa asanakwane zaka makumi awiri. Kuyambira pamenepo, nyengo yosaka rakuni, kanyama koyenda usiku komwe timakasakira chikopa, ikafika, amakwera phiri pambuyo pa amuna ake atanyamula nyali. Galu akathamangitsa rakuni mpaka kumukweza mumtengo, Verlie amaunika m'nthambi kufikira maso awiri atanyezimira, a Lonzo n'kuwombera. Pobwerako wosenda ndi iyeyo, wopala mafuta pachikopa ndi iyeyo, wophikira agalu ndi iyeyonso. Kusitolo amuna amatama a Lonzo kuti ndi akatswiri. Dzina la Verlie sindinalimvepo.

Mgodi wa malasha unawadya a Lonzo phewa ndi mapapo omwe. Chaka chino mfuti yaitali inawakanika kukweza. Anati agula yaifupi, ya dzanja limodzi, yoti masana aziwombera zitini, usiku rakuni. Galimoto lawo linali litafa, ndiye ndinawatenga pa langa kupita m'tauni.

Wogulitsa mfuti, Hobart, anaika ziwiri patebulo. Ina inali yagudumu, yonyezimira, yolemera, yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Inayo inali yakuda, yopepuka, yosakopa maso. Verlie anatola yakudayo n'kuloza wotchi ya pakhoma. Dzanja lake linangoti nji, ngati mtengo wa mpanda.

"Tengani iyi, bambo," anatero. "Siikulemetsani."

Hobart anaseka. "Kodi kunyumbako munasinthana ntchito? Mawa tikupezani mukutsuka mbale, a Lonzo."

"Ikani pansi, mayi," anatero a Lonzo. "Imeneyo ndi ya ana asukulu. Inu yanu ndi nyali."

Anatenga yolemerayo.

Sabata yonse ndinkamva mfutiyo ikulira kuseri kwa khola lawo. Verlie ankandandalika zitini pampanda, madzulo n'kukazitola zili zosabowoka. A Lonzo lero ankati ndi mphepo, mawa dzuwa, mkucha zipolopolo zachabe. Dzanja lawo linkanjenjemera, aliyense ankaona, koma palibe ankanena. Ntchito yopukuta mfutiyo ndi kuithira mafuta inagweranso Verlie.

Za zitinizo zinalibe kanthu. Nkhani inali pa galu. Kuno aliyense amadziwa kuti galu wamng'ono akauwa patsinde la mtengo, rakuni ayenera kugwa, galuyo amugwire pakamwa. Akauwa pachabe kangapo amaphunzira kuti kuuwa kulibe phindu, ndipo akatero sakonzekanso. Dinah, galu amene Verlie ankamutsukayo, anali ndi chaka chimodzi ndi theka, wotsala yekha pa mtundu wa agalu amene bambo awo a Lonzo anayamba kuweta. Maulendo asanu a Lonzo anapita naye kuphiri ndi mfuti yatsopanoyo, osagwetsa kanthu.

"Dzulo anauwa pang'ono chabe," anandiuza Verlie m'mawa umenewo, osadzutsa mutu. "Kenako anausiya mtengowo n'kutsata fungo la gwape. Sanachitepo zimenezi."

"Rakuniyo analimo?"

"Maso ndinkawaona ngati mabatani, Opal. Ndinaunika mpaka mkono kuuma. Iwo anamaliza zipolopolo zonse, akungothothola masamba, kenako n'kukhala pansi kuyamba kutsokomola."

"Bwanji osawalanda n'kuwombera wekha?"

"Ndinapempha. Akuti tsiku limene mkazi adzawombere iwo atagwira nyali, tiyambe tawakumbira manda." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndipo ngakhale atalola, nyaliyo angaigwire osagwedeza? Ndingamawombere nyenyezi."

Anapukuta phazi lomaliza, galuyo n'kumunyambita padzanja. M'nyumba a Lonzo anatsokomola nthawi yaitali, kenako anaitana.

"Mayi, khofi uja wapita kukasaka nayenso?"

"Ndikubwera, bambo."

Koma sananyamuke. Anakhuthula madzi a m'beseni, n'kusendera pafupi ndi ine, mawu atatsitsa.

"Akapitanso naye kawiri, galuyu watha. Lachinayi mwana wathu adzatitenga kupita kuchipatala, tikakhalako tsiku lonse. Uwauze alamu ako a ku Tennessee, osaka aja, adzamutenge Dinah. Tcheni ndidzasiya chomasula, ndidzati wathawa."

"Adzamufunafuna m'phiri monse, Verlie."

"Ndikudziwa. Wowaunikira ndidzakhala ine. Ndikukupempha, mnzanga, uwauze lero lomwe. Koma madzulo a Lachinayilo usadzafike kuno. Iwe sudziwa kunama."