Tsiku limene mabatire onse anafera m'manja mwanga

Ndinatchola tiyi zaka khumi ndi zinayi, dengu kumsana, mpaka msanawo unakana. Adokotala a pa kiliniki ya esiteti anandidina apa ndi apa, kenako analemba kalata yoti ndisamanyamulenso katundu. Kalata yotere kwathu kuno sitiisekerera. Ukatula dengu ndiye kuti ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha nyumba ya kampani umatulukamo. Ine ndinali ndi ana awiri, bambo awo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndipo kumudzi ku Khonjeni munda wa amayi unali utagawidwagawidwa mpaka mbali yanga inangokwana kumangirirapo mbuzi.

Mwayi unatulukira kugalaja, kumene ankafuna munthu wosesa ndi kutsuka zida. Abwana injiniya sanazungulire. Anati andiyesa miyezi itatu, ndipo munthu wongosesa basi sangamusunge, pokhapokha atagwira ntchito ina yooneka. Tsiku lomwelo ndinasiya kudzala ndiwo kuseri kwa nyumba. Mbewu za mpiru ndinazikulunga m'pepala n'kuzisomeka kudenga, chifukwa sindinafune kudzalira anthu ena amene adzalowe m'nyumbamo ine nditachoka.

Sabata yachiwiri, ndikupukuta fumbi pashelefu yapamwamba, ndinapeza kabokosi kakatali. M'kati munali chida chagalasi, chokhala ndi mpira wofinya kumutu ndi kapaipi kuphazi. M'mimba mwake munagona kabotolo kena kakang'ono kopakidwa mitundu itatu, wofiira pamwamba, woyera pakati, wobiriwira pansi. Abwana injiniya anandipeza ndikuchitembenuza ngati ndatola golide.

"Mukuchidziwa chimenecho, mayi?"

"Ayi bwana. Chikungokhala ngati jekeseni wa ng'ombe."

"Ndi sikelo imeneyo. Sikelo yoyezera madzi a m'batire."

Sikelo! Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Zaka zonse zija ine ndinkaima mbali inayo ya sikelo yoyezera masamba a tiyi, thukuta lili kamukamu, kalaliki n'kumawerenga yekha, ine n'kumangovomera. Lero munthu akuti sikelo igwire iweyo.

Anandionetsa kamodzi kokha. Batire lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi chivindikiro chake. Umatsegula, kulowetsa kapaipi, kufinya mpira, n'kuusiya pang'onopang'ono kuti madzi akwere m'galasi. Ndiye kabotolo kaja kamayandama. Batire likakhala ndi moto wokwanira, madzi ake amalemera ndi asidi, kabotolo kamakankhidwira m'mwamba ndipo madzi amalekeza pobiriwira. Moto ukatha madzi amapepuka, kabotolo kamamira mpaka pofiira. Umakweza galasi lifanane ndi diso, kuwerenga, n'kubwezera madziwo m'chipinda chomwe wawatenga. Abwana atachoka ndinayeza batire lomwelo kanayi, ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Kuyambira pamenepo panalibe batire lodutsa pagalaja osalawa jekeseni wanga. La lole, la thirakitala, la galimoto ya odwala, ngakhale la mlonda amene ankaonera mpira pakanema kunyumba kwake. Asidi anandiboolera zitenje ziwiri, madontho ang'onoang'ono amene umawaona ukachapa, koma sindinadandaule. Anzanga otchola akamadutsa madzulo ndinkaimirira dala pakhomo, galasi m'mwamba, diso limodzi chotsinzina, kuti aone.

Amene sanakondwe anali afomani, mkulu wa amakaniko, bambo a ku Thekerani amene anayamba kugwira sipanala ine ndisanabadwe. Iwo batire ankaliyeza ndi waya. Ankagunditsa mitu iwiri ija, moto n'kuthetheka, thee! Ukathetheka kwambiri ankati lamoyo.

"Batire lamoyo limalavula moto, mayi a jekeseni," ankatero. "Zanu zofinyafinyazo n'za kuchipatala."

Ine mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa, ndipo tsiku lina mpweya wa m'batiremo udzawaphulikira kumaso. Pakamwa ndinkangoti, "Chabwino bambo." Anali ndi batire lawo lapamtima, lalikulu lakuda, la thirakitala imene inkakatenga masamba kumunda wakutali wa mbali ya ku Goliati. Thirakitala imeneyo m'mawa wozizira inkachita kukankhidwa, koma afomani ankati vuto ndi dalaivala. Batirelo sankalola kuti ndiliyandikire. Chinanso chimene ankachita okha chinali kuthira madzi m'mabatire. Loweruka lililonse ankatunga madzi oyera a nthunzi kuboyila ya fakitale, n'kuwasunga m'chigubu chawo. Ine Loweruka ndinkakhala ndikukolopa ofesi, choncho kathiridwe kake sindinakaonepo.

Miyezi itatu inatha m'nyengo yodulira tiyi, masamba atachepa, mathirakitala onse asanu ndi imodzi ali m'galaja kukonzedwa. Abwana injiniya anati Lachisanu, teni koloko, ndidzayeze mabatire onse iwo akuona. Sanawonjezere mawu, koma aliyense anadziwa kuti mayeso anga ndi amenewo.

Lachisanulo ndinalawira, chifunga chisanachoke m'mizere ya tiyi. Mabatire anali atandandalikidwa pabenchi, lakuda lija lili kumapeto. Ndinawapukuta, ndinakwecha mitu yake mpaka kuwala. Nditatsegula zivindikiro ndinaona kuti madzi ali m'munsi ndithu, sanafike kukamwa. Mtima unandiuza chinthu chimodzi chokha, chimene wotchola aliyense amachidziwa kuyambira tsiku loyamba: kusikelo supita ndi dengu losadzaza. Umatsendera, kuwonjezera, kutsenderanso. Ndinanyamula chigubu cha afomani n'kudzaza chipinda chilichonse mpaka pakamwa, ndende! Ndinabwerera m'mbuyo n'kudziyamikira kuti koma mkazi ine ndimaganiza.

Teni koloko abwana anafika, amakaniko onse anasiya ntchito n'kuzungulira benchi. Ndinatenga chida changa monyadira, ndinafinya mpira, madzi anakwera. Kabotolo kanamira mpaka pofiira. Ndinati mwina ndawerenga molakwika. Chipinda chachiwiri, pofiira. Chachitatu, pofiira. Batire lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachinayi m'khwapa munali mutanyowa, ndipo m'mutu ndinkaona katundu wanga ali pakabaza kulowera ku Khonjeni.

Foni ya abwana inalira, anapita kukayankhira pakhomo, msana kwa ife. Ali komweko anafuula, "Zikuti bwanji, mayi?" Galasi sankaliona. Ndikanati pobiriwira, ndani akanatsutsa? Mathirakitala onsewo dzulo lake anabwera akuyenda okha. Koma ndinakumbukira mmene zinkandiwawira ndikamakayikira kuti kalaliki watchula zimene sikelo sinanene.

"Onse ali pofiira, bwana."

Amakaniko anaphulika kuseka. Afomani anatenga waya wawo, anagunditsa pa batire loyamba, thee! Moto mpaka pabenchi. "Maliro asanu ndi amodzi tsiku limodzi," anatero, "koma akufawo akulavula moto."

Abwana anabwera, anasuzumira m'chipinda chimodzi, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndibweranso fili koloko masana," anatero. "Mudzandiuze chimene chachitika." Anatuluka.

Nthawi ya tiyi ndinakhala pandekha pa tayala lakutha, kuseri kwa galaja. Ndinali wokwiya, ndipo ndinkakwiyira galasi, abwana, msana wanga, ndi bambo a ana anga ku Joni komweko. Ndinathira shuga m'kapu, ndinamwa, tiyi anali wowawa. Ndinathiranso, wowawabe. Ndinang'ung'udza kuti lero ngakhale shuga wandiukira.

Afomani anali ataima pambali panga, sindinawamve kubwera. Anandipatsa supuni.

"Vundulani, mayi. Shuga ali pansi." Kenako anati, "Chigubu changa ndachipeza chopanda kanthu."

Ndinayang'ana kapu, ndinayang'ana afomani. Kenako ndinadzambatuka, tiyi yense pachitenje. Madzi amene ndinathira aja anali atangokhala pamwamba, opepuka, asidi wolemera ali pansi osasakanikirana nawo. Jekeseni wanga ankayamwa pamwamba pomwepo. Ndinakhala m'mawa wonse ndikuyeza madzi a kuboyila!

"Mayo ine! Bambo, ndiye batire timalivundula ndi chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola, anayankhula kena kake m'Chilomwe kokhudza anthu ophunzira kwambiri. "Safunsa anadya phula. Madzi timangothira omiza mapuleti a m'kati mwa batire, osati kudzaza ngati dengu. Ndipo ukathira suyeza tsiku lomwelo, umayamba walitchaja. Likamatchajidwa limabwata lokha, ndiye kuvundula kwake."

Sindinathamangepo chotero chiyambire kudwala msana. Ndi chida chomwecho ndinayamwa madzi owonjezera aja m'chipinda chilichonse, apo ayi akanasefukira potchaja. Afomani analumikiza mabatire kutchaja chachikulu cha pakona, zivindikiro zili chotsegula, ndipo waya wawo wothethetsa moto uja anaupinda n'kuuika m'thumba osauzidwa ndi munthu. Patapita nthawi ndinayika khutu pafupi n'kumva tithovu tikuphulika m'katimo, ngati madzi amene ayamba kutentha pamoto. Chakudya chamasana sindinadye. Ndinkangozungulira benchi, afomani n'kumandikalipira kuti ndikuwachititsa chizungulire.

Fili koloko isanakwane tinazimitsa tchaja kuti mabatire apumeko. Abwana anafika, amakaniko anazunguliranso, ena akumwetulira kale. Ndinayamba ndi kuulula. Ndinati ndinathira madzi ndisanayeze, ndipo ndinafotokoza za shuga. Abwana anangogwedeza mutu n'kuloza benchi.

Ndinafinya mpira. Madzi anakwera, kabotolo kanagwedezeka, kanadzuka, kanaima njo, madzi ali pobiriwira. Ndinakuwa, "Pobiriwira, bwana!" ngati ndagoletsa chigoli. Chipinda chachiwiri, pobiriwira. Batire lonse, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu. Mmodzi mwa amakaniko anayamba kuwerengera nane mokweza, wina n'kumaimba mluzu. Miyendo yanga inkafuna kuvina pomwepo.

Linatsala lakuda lija, la afomani. Zipinda zitatu zoyamba zinali bwino. Chachinayi kabotolo kanamira mpaka pofiira. Ndinabwezera madzi, ndinayezanso. Pofiira. Chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi zinali pobiriwira. Ndinabwerera pachachinayi kachitatu, ndipo sichinasinthe. Chipinda chimodzi chinali chakufa, n'chifukwa chake thirakitala ija inkakankhidwa m'mawa.

Chimwemwe chonse chinandithera. Munthu amene wandipatsa supuni lero lomwe, ndimuchititse manyazi pamaso pa abwana ndi anyamata ake? Ndinaima ndi galasi m'manja.

"Bwanji mwangoti zii?" anafunsa abwana.

Afomani anasendera pafupi, anayang'ana galasi, analitalikitsa, analiyandikitsanso. Kenako anayankhula motsitsa, koma onse anamva.

"Werengani zimene mukuona, mayi. Ine timizere timeneti ndinasiya kutiona kalekale. Mukuganiza kuti chidachi anachiika pashelefu yapamwamba ndani?"

Ndinawerenga. "Chipinda chachinayi chafa, bambo."

Anapita okha kukatenga chitini cha penti yofiira, imene timalembera zinthu zotha ntchito, n'kulemba mtanda pabatire lawo lapamtima. Atamaliza anandiloza ndi burashi. "Kuyambira mawa Loweruka lanu ndi la kuno, osati kukolopa. Ine ndizithira, inu muziwerenga."

Abwana analemba kapepala n'kundipatsa kuti ndikatenge ovolosi ndi magambutsi kusitolo. Pa esiteti ovolosi sapatsa munthu wongodutsa. Kapepalako ndinakalandira ndi manja awiri, ndinagwada, ndipo misozi inatuluka amakaniko onse akuona. Sindinaibise.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ovolosi nditaipachika paphewa kuti mzere wonse wa nyumba uione. Mwana wanga wamkazi, wamkulu mwa awiri aja, anali pakhonde. Miyezi itatu yonse sanandifunsepo kanthu, koma ndinkadziwa kuti mabuku ake anali atawamanga kale ndi chingwe pansi pa bedi. Anayang'ana ovolosi, anandiyang'ana ine.

"Amayi, ndiye tikukhala?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinakwera pampando, ndinasolola kapepala ka mbewu za mpiru kudenga kuja.

"Katenge khasu," ndinatero.