Apongozi Anga Ndinadziwana Nawo M'selo

Anagogoda Lachisanu m'mawa, mwezi wa Okutobala, chaka chija magetsi ankathima kuposa mmene ankayakira. Ndinali nditangosamba, thaulo lili m'chiuno, pa fulati yathu ku Kabwata. Pakhomo panali apolisi awiri, wamtali wamfuti ndi wamfupi wa botolo la madzi.

"Ndimwe bene ba nyumba?" anafunsa wamfupiyo.

"Ndine."

"Valani, tiyende ku steshoni. Mwaba munthu."

"Ndaba ndani?"

"Mwana wa mwenye. Mwamuika kuti?"

"Ali kuntchito," ndinatero. "Sabata ino akulowa m'mawa."

Wamfutiyo anasuzumira m'nyumba, naona nsapato zachikazi kuseri kwa chitseko. Anazitola mosamala, nati, "Umboni uyu." Nsapatozo zinakwera nafe galimoto, izo kutsogolo, ine kumbuyo.

Munthu amene ndinabayo anali wamkulu ndithu, wopereka mankhwala pa chipatala chimene ine ndimajambulako anthu mafupa. Tinali titakwatirana ku ofesi ya boma masabata angapo m'mbuyomo, ndipo panalibe kholo ngakhale limodzi. Bambo ake anabwera kuchokera ku India ali mnyamata, nayambira pa sitolo ya amalume awo ku Chipata. Tsopano anali ndi sitolo yaikulu ya nsalu ku Kamwala ndi nyumba ya mpanda wautali ku Kabulonga. Mwana wawo anandiuza mmene ankationera ife akuda: abwino pogula, abwinoko pogwira ntchito, koma osati patebulo. Ine anali asanandionepo.

Kwathu nakonso sikunali kwa angelo. Amayi anga a ku Chelstone, mayi wa chigwirizano mu mpingo, atamva za ukwatiwo anati, "Thukuta lathu anatenga kale, lero ayamba ana?" Sindinawatsutse kwambiri. Malemu bambo anga anakalambira kusenza mabelo kwa mmwenye wina. Ankalowera khomo la kumbuyo, ndipo tiyi ankamwera m'chitini chopachikidwa pa msomali kunja. Amayi chitinicho sanachiiwale.

Dzina la polisiyo sinditchula. Wondifunsa anali sajenti waimvi, wotsala pang'ono kupuma pantchito. Anatseka chitseko, nakokera mpando pafupi nane, natsitsa mawu.

"Munamudyesa chani?"

"Ndani?"

"Osapanga zamene izo. Ine nagula ku Kamwala kuchokela nili mwana, olo moni sibananipaseko. Imwe mwatenga mwana wonse. Ng'anga yanu ni ya kuti?"

Ndinafotokoza kuti tinkadyera limodzi masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, ndipo zinayambira pamenepo. Iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamanidwa chinthu chabwino, nalemba kuti woganiziridwayo akubisa zina.

Masana mkazi wanga anafika, akadali mu jasi lake loyera. Ndinkamumva ndili m'kachipindako.

"Ndine amene mukuti ndabedwa. Sindinabedwe. Uyo ndi mwamuna wanga."

"Madamu," anatero sajenti mwaulemu, "imwe pa mulandu uyu ndimwe katundu. Katundu wobedwa sukamba. Amene anabwela kudandaula ndiye angachose mulandu, ndipo ba ofisala bakulu bali ku malilo. Bazabwela Mande."

Anandivula lamba ndi nsapato, nandilowetsa m'selo.

Za seloyo ndinena pang'ono. Inamangidwira anthu ochepa, ndipo tinalimo ambiri. Kunali kabowo kamodzi kumwamba. Chimbudzi chinali pakona, chopanda chitseko ndiponso chopanda madzi, ndipo unali mwezi wa Okutobala. Pogona tinkatembenuka tonse pamodzi munthu mmodzi akalamula.

Wolamulayo ankatchedwa kapitawo, chimunthu cha khosi lalikulu choitanira mabasi ku Intercity, chimene chinamangidwa pa nkhani ya ndewu. Anandiimika pakati nandifunsa mlandu wanga. Nditanena, m'selo munaphulika chimkokomo cha kuseka mpaka wapolisi anamenya chitseko ndi ndodo.

"Ise tiba mafoni," anatero kapitawo akupukuta misozi, "aba baba mwana wa mwenye! Ba mudala, nkhalani apa." Anandipatsa malo pafupi ndi chitseko, pomwe pankalowa kamphepo. M'moyo wanga wonse sindinalemekezedwepo chotero, ndipo ulemuwo unali wa mlandu umene sindinapalamule.

Loweruka masana, wodandaula uja anabwera kudzaona ngati ndatsekeredwadi. Tinkamva zonse, poti kauntala inali pafupi. Ankafuna kuti apolisi akatenge mwana wawo ku Kabwata ndi kumuperekeza ku Kabulonga. Sajenti anati zimenezo sizingatheke. Tsoka lake, Chinyanja chawo bambowo anaphunzirira kuseri kwa kauntala ya sitolo, kumene aliyense ndi "iwe", kaya ndi mbusa, kaya ndi nkhalamba.

"Iwe! Chita zamene nakuuza, iwe!"

Ndinamva pambuyo pake kuti polankhulapo ankabaya sajenti pachifuwa ndi kiyi wa galimoto. Kenako tinamva mawu a sajenti, ofatsa kwambiri:

"Vulani lamba, ba bwana."

Chitseko chitatseguka munalowa bambo wamfupi wadazi, wamagalasi, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, masokosi awo ali oyera mbee. Umo ndi mmene ndinaonanirana ndi apongozi anga koyamba. Iwo anandidziwa chifukwa cha chithunzi chimene anapatsa apolisi. Ine ndinawadziwa chifukwa cha mphuno, imene ndimadzuka nayo pafupi m'mawa uliwonse.

Kwathu kum'mawa mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sakhala nawo moyandikana, sadya iwo akuona. Thupi linachita zimene linaphunzitsidwa. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, kenako ndinatembenukira kukhoma. M'chipinda chimene munthu sungatambasule mwendo, ndinayesetsa kuwapatsa mtunda.

Anzanga a m'selo analibe mwambo wotero. Kapitawo anaimirira nalengeza kuti khoti layamba, poti mwayi woweruza mmwenye subwera kawiri. Poyamba zinali zoseketsa. Wina anadandaula za nsalu imene inasuluka atangoichapa kamodzi. Wina anati amwenye onse amabisa golide m'mapilo. Wina anafunsa chifukwa chake sitiona maliro awo, kodi samwalira?

Kenako anaimirira mnyamata wina woonda amene chilowereni anali asanalankhule. Anati anagwirapo ntchito m'sitolo ina m'tauni. Madzulo alionse ankawasecha mpaka m'kabudula, makasitomala akuona. Mayi ake atamwalira anapempha tsiku, bwana nati akapita asabwerenso. Anapita. Palibe anaseka.

"Si ine," anatero apongozi anga. "Sitolo yanga si iyo."

"Ndimwe bamozi!" anakuwa wina kumbuyo.

"Bamozi?" anatero apongozi. "Mng'ono wanga anamuwombela pa geti yake, bana bake baona. Bakawalala benze bakuda. Ninene kuti ndimwe bamozi?"

Ankanena zoona, koma chimenecho ndicho ankanena kunyumba kwawo zaka zonsezi, ndipo m'selomo anthu ankadziwa. Sindinaone amene anayamba. Ndinangomva khofi, ndipo magalasi anagwa pansi, wina nawaponda. Kapitawo anagamula kuti mmwenye agone pafupi ndi chimbudzi, ndipo achitsuke ndi manja mpaka Lolemba. Anthu anayamba kuwakankhira kukona. Anali bambo wachikulire wodwala shuga, ndipo nkhope yawo inali itatuwa.

Sindinganame kuti ndinawamvera chisoni chachikulu. Munthuyu ndiye anandiika mmenemo, ndipo chitini cha bambo anga chinandibwerera m'maso. Koma ndinaganiza za mkazi wanga, ndi mmene ndikanamuuzira kuti ndinangoonerera. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamaso pa kapitawo, ndikuomba m'manja.

"Ba kapitawo, awa ndi apongozi anga. Kodi kwanu apongozi amatsuka chimbudzi mkamwini atakhala pamphepo?"

Funsolo linasokoneza khoti. Kapitawo anali Mbemba, ndipo anavomereza kuti kwawo zimenezo ndi zonyansa, ngakhale kuti sankayembekezera kuphunzitsidwa mwambo ndi munthu wodya mbewa. Mtonga wina anafunsa ngati ndinapereka ng'ombe, poti popanda ng'ombe palibe apongozi. Wina anati mmwenye sangakhale mpongozi wa munthu, sizinachitikepo. Mnyamata woonda uja ndiye anamaliza nkhani.

"Ngati bamukwatila mwana, ni bapongozi," anatero. "Nilibe nao chifundo, koma ni bapongozi."

Chigamulo chinasinthidwa motere: chilango chikhalepo, koma achisenze mkamwini. Apongozi anapatsidwa malo anga pafupi ndi chitseko. Ine ndinasamukira kukona. Za ntchito imene ndinagwira kumeneko mpaka Lolemba ndingonena kuti ndinaigwira, ndipo sopo kunalibe.

Lamlungu m'mawa chakudya chinabwera kuchokera mbali ziwiri. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti kunja, pansi pa mtengo umodzi, amayi anga ndi amayi ake anakhala pa benchi imodzi, wina kumapeto uku, wina uko, aliyense akuyang'ana msewu wake. Masamusa a ku Kabulonga anathera m'manja mwa kapitawo ndi nduna zake. Mbatata yophika ya amayi palibe anaisirira, choncho inafika yonse. Ndinaipereka kwa apongozi ndi manja awiri, nditayang'ana kumbali, ndipo ndinabwerera kukona kukadya yanga nditawafulatira.

"Uyu anizonda maningi," ndinawamva akuuza kapitawo. "Olo kuniyangana safuna."

"Ba mwenye, imwe mwankhala zaka zingati mu Zambia? Uwo ni ulemu. Akuyopani."

Kenako apongozi anafunsa, osati ine koma khoma limene ndinkayang'ana, ngati mwana wawo akudya bwino. Ndinauza khomalo kuti akudya bwino, koma kapenta anamukana. Khoma linandiyankha kuti chiyambire ali mwana ndi wosankha zakudya. Sitinalankhulane zoposa pamenepo.

Lolemba ofisala wamkulu anabwera kuchokera kumaliro. Anali mayi wotopa, mawu atasasa ndi nyimbo. Anatiimika tonse awiri, aliyense atagwira thalauza lake, namvetsera nkhani yonse maso ali otseka. Kenako anaitana mkazi wanga.

"Munabedwa?"

"Ayi."

"Mufuna kubwelela kwa batate banu?"

"Kukacheza, akandiitana ndi mwamuna wanga."

Ofisalayo anauza apongozi kuti achotse dandaulo lawo ndipo apepese kwa sajenti. Kupepesako kunawavuta kuposa selo, koma anapepesa. Kwa ine palibe anapepesa. Anandibwezera lamba, nsapato zanga ndi nsapato za mkazi wanga, zimene zinali zitamatidwa kapepala ka umboni.

Kunja kunabuka vuto lina. Popanda magalasi apongozi sankaona ngakhale geti, mkazi wawo sayendetsa, ndipo mkazi wanga galimoto ya magiya saidziwa. Galimoto imene apongozi anabwera nayo Loweruka inali bokosibode ya kusitolo, imene antchito amakwera kumbuyo pamodzi ndi mabelo. Apongozi anaima ndi kiyi m'manja, akuyang'ana kumbuyoko, kenako ine. Pomaliza anandipatsa kiyiyo, nakhala pambali panga. Mkazi wanga, amayi ake ndi amayi anga anatsatira pa takisi, poti amayi anga anati sangasiye mwana wawo apite yekha kwa anthu amenewo. Ndinayendetsa mawindo onse ali otsegula, ndipo tonse awiri tinkadziwa chifukwa chake.

Pa geti ku Kabulonga mlonda anathamangira mbali yanga.

"Ba draiva banyowani? Kapakeni kumbuyo, muzapeza mpope wosambila kwamene uko."

Ndinali nditayamba kale kukhotetsa chiwongolero. Apongozi anagwira dzanja langa. Anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso, ngati munthu amene akumeza mankhwala a malungo popanda madzi.

"Si draiva," anatero. "Ni mwamuna wa mwana wanga. Segula kusogolo."

Ndisakometse nkhani. Tsiku limenelo sindinadutse pakhonde, ndipo amayi anga anakana kutsika m'takisi. Papita zaka tsopano. Abale ena a mkazi wanga akationa ku Northmead amalowa m'sitolo imene sanafune kulowamo, ndipo kumpingo kwathu alipo amene amamutchabe "mwenye uja" ngakhale amaimba nawo kwaya. Apongozi sanapondepo ku Kabwata. Koma mwezi uliwonse timapita ku Kabulonga, ndipo amandithirira okha tiyi m'kapu yofanana ndi yawo.

Anthu akandifunsa za ufulu amayembekezera kuti ndinene za mpweya wabwino ndi dzuwa. Zimenezo n'zoona, ndipo madzi a m'bafa sindinawaonenso mopepuka. Koma chimene chimandidabwitsa n'chakuti mu Lusaka yense, ndi misewu yake, misika ndi nyumba zopemphereramo, malo okhawo amene ine ndi bambo amenewo tinatha kukhala pansi pamodzi anali okhoma ndi loko kunja. Atatitsegulira, aliyense anali ndi ufulu wobwerera kumpanda kwake. Ife tikuyesa kusaugwiritsa ntchito ufulu umenewo, mwezi ndi mwezi, ndipo masiku ena zimatheka.