Machesi Amene Bambo Sanayatse

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ku Nathenje kuli mawu ena a Chingerezi amene atikwana. Mlendo aliyense wobwera kudzatiuza za kaphunzitsidwe katsopano sangakhale pansi asananene kuti lero ndi "tening'i poyinti". Timu ikagoletsa, wowulutsa mpira pa wailesi amakuwa mawu omwewa. Mnzanga wophunzitsa masamu atagula firiji yakale anatiuza mu ofesi kuti banja lake lafika pa tening'i poyinti, koma firijiyo inafa mwezi usanathe. Mawuwa amatanthauza nthawi imene moyo umakhota osabwereranso m'mbuyo. Inenso ndimawanena ndikafuna kuoneka wophunzira. Chondiseketsa n'chakuti timawanena ndi phokoso, pamene ine nthawi yotereyi ndinaiona kamodzi, ndipo inadutsa mwakachetechete kudimba kwa bambo anga.

Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, mbali ya ku Dzalanyama. Bambo anali mlimi wa fodya weniweni, ndipo ankadzimva nazo. Fodya ndiye anatiphunzitsa sukulu tonsefe, ndiye anafolera nyumba ndi malata. Chigafa chawo choumitsiramo masamba chinali chachitali kwambiri moti anthu ankalondolerana njira ndi icho.

Koma manja osoka fodyayo ndi kumusankha anali a amayi. Ankakhala m'chigafamo miyezi yathunthu, fumbi lili koboo. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi, ndipo mawu awo ankamveka ukadali kumsewu. Kenaka chifuwa chinayamba. Kuchipatala anawauza kuti atalikirane ndi fumbi la fodya, iwo n'kungoseka, nati: "Nanga asoke ndani?" Ankati akayambitsa nyimbo, mpweya unkawathera pakati, anzawo n'kumalizitsa. Patapita nthawi anasamukira ku benchi ya kumbuyo, ndipo ankangogwedeza milomo. Zinkandipweteka, ndipo bambo ankaoneka ngati sakuona kanthu.

Loweruka lina, dzuwa la Seputembala likuswa mtengo, ndinapita kumudzi n'kuwapeza onse awiri kudimba. Linali tsiku lotentha nazale. Usanafese fodya, umaunjika mapesi pa mabedi n'kuwatentha, kuti moto uphe mbewu za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka. Utsi umenewo ndi chilengezo: mudzi wonse umadziwa kuti uje wayamba. Ukangotentha, chaka chonse chapita, chifukwa kufesa, kuthirira, kuwokera, kuthyola ndi kusoka zimangotsatana zokha. Ndipo chaka chilichonse utsi woyamba m'dera lathu unkakhala wa bambo.

Mapesi anali ataunjikidwa kale. Bambo ananjuta kumene kunkachokera mphepo, natulutsa kamtengo ka machesi m'bokosi. Nthawi yomweyo amayi anatulukira ndi mtolo womaliza pamutu. Anautula, nafuna kunena kanthu, koma chifuwa chinawatsekereza. Anakhala pansi pambali pa chitsime atagwira pamtima, mpweya ukulira ngati likhweru.

Bambo anawayang'ana. Anayang'ananso mapesi aja. Kamtengo kanali kale pambali pa bokosi, kungotsala kukhwatcha. Anakhala choncho mpaka ine ndinayesa kuti machesiwo anyowa. Kenaka anakabwezera m'bokosi, natseka, nalowetsa m'thumba la malaya.

"Iwe, phwasula mapesiwa," anandiuza. "Tikapangira manyowa. Pano tifesapo anyezi."

Amayi, mpweya utabwerako, anakalipa. "Abambo, mwatani kodi? Mukufuna anthu azinena kuti ine ndakugwetsani? Yatsani motowo, ndilimba."

"Amake ana," anatero bambo akusasa fumbi pa mawondo, "fodya amamera chaka chilichonse. Nanga inu ndikakufesani kuti?"

Nkhani inathera pomwepo. Sanaitanitse abale kapena kufunsa nzeru kwa wina aliyense.

Zaka zotsatira zinali zowawa, ndisaname. Malume anga ankati akadutsa pakhomo ankafuula kuti: "Alamu, mwakalamba msanga bwanji? Mwayamba kulima ndiwo ngati amayi?" Anyezi woyamba anawola, chifukwa bambo anamusunga asanaume bwino. Munthu amene alimi anzake ankabwera kudzamufunsa za fodya anakwera njinga kupita kumsika wa Mitundu, n'kukakhala pansi kufunsa amayi ogulitsa anyezi kuti amaumitsa bwanji. Ena mwa iwo anali amsinkhu wa ife ana a bambowo. Ankawaseka, iwonso n'kumaseka nawo. Chigafa chachitali chija anachigumula ndi manja awo, mitengo yake n'kumangira khola la mbuzi.

Fodya sanamuiwale ayi. Nyengo yothyola ikafika ankazungulira m'zigafa za anzawo ngati akucheza. Ankatola tsamba, kulitambasula, kulinunkhiza, n'kulibwezera pang'onopang'ono. Pofika kunyumba ankayamba asamba m'manja ndi kusintha malaya asanayandikire amayi. Apa m'pamene ndinadziwa kukula kwa chimene anasiya, ndipo mpaka lero sindinaone munthu wolimba mtima ngati iwo.

Tsiku lina ndinafuna kuwasangalatsa ndi sukulu yanga. Ndinawauza kuti zimene anachita kudimba zija azungu ali nalo dzina lake, ndipo ndinalitchula mokometsera lilime. Anandiyang'ana ngati ndayankhula za kumwezi.

"Ali nalo dzina? Chabwino, alisunge. Ine ndinangoona amayi ako akutsokomola."

Chifuwacho sichinatheretu, koma chinagonja pang'onopang'ono. Pa ukwati wa mlongo wanga wamng'ono, kwaya ya amayi itaimirira kutsogolo, panali kachisokonezo chifukwa woyambitsa nyimbo anali asanafike. Amayiwo ankangoyang'anana. Tinangomva mawu akuchokera ku benchi ya kumbuyo. Anali amayi anga. Anaimirira okha, atagwira benchi ya patsogolo pawo, n'kuyambitsa. Ine mtima unali m'mwamba, kudikira pamene mpweya uwathere. Anadutsa mzere woyamba, anadutsa wachiwiri, kwaya inalowa, ndipo mawu awo anakhalabe pamwamba pa onse mpaka ndime yomaliza.

Bambo saimba, mawu awo ngothamangitsa nkhuku. Anakhala kumbali ya amuna, chipewa chili pa mawondo. Nyimbo itatha ndinawaona akupisa m'thumba kufuna kampango, koma sanakapeze, ndipo anapukuta maso ndi chipewacho, anthu onse akuona.