Ameni wa Ozella

Luvenia Tarver ankawongola tsitsi kukhitchini kwake, m'katauni kathu ka ku Mississippi. Loweruka lililonse tinkakhala pamzere, iye n'kumatenthetsa chipeso chachitsulo pambaula, nyumba yonse ikununkha mafuta ndi tsitsi lopserera. Mwamuna wake atamwalira, chipeso chomwecho ndicho chinalera mwana wake mmodzi yekhayo, Ozella, mpaka kumufikitsa kukoleji.

Pa Pasaka wa 1966 Ozella anabwera kutchuthi tsitsi lili nyankhalala, losawongola.

"Iwe, ukalowa m'tchalitchi ndi chisa cha mbalamechi?" anatero Luvenia. "Anthu aziti mayi ako amagwira ntchito yanji?"

"Ndi mmene Mulungu analimeretsera, amayi."

"Mulungu anameretsanso udzu, koma timatchetcha."

Kwathu pa Pasaka achinyamata amalakatula kutsogolo kwa mpingo, ndipo aliyense, ngakhale woiwala mawu n'kuyamba kulira, timamuyankha kuti Ameni. Ozella anapatsidwa ndakatulo ya kuuka kwa Ambuye. Sanainene. Ananena yopeka yekha: ya anzake omenyedwa ndi apolisi pokalembetsa zovota, ya ife akuluakulu ongoweramitsa mitu, ya amayi ake otentha mitu ya anthu kuti tifanane ndi azungu otimenya.

Atamva zimenezo, Luvenia anadzuka n'kutuluka ndakatulo ili pakati. Ife tinatsala m'mabenchi, mitu ili phuliphuli, yowongoledwa dzulo lake. Ozella anamaliza, nadikira. Tchalitchi chinangoti zii. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga, manyazi atandigwira, osadziwanso ngati ndikuchitira mwanayo kapena ine ndemwe. M'mawa mwake Ozella anakwera basi wopanda womuperekeza, ndipo tchuthi chotsatira sanabwere.

Loweruka lina ndili pampando, Luvenia ali kumbuyo kwanga ndi chipeso, anafunsa motsitsa mawu: "Achemwali Earline, zija za mwana uja zinatha bwanji?"

Ndinamuuza. Ndakatuloyo inathera pa manja a amayi ake, odzaza zipsera, amene Ozella anati ndiwo anamugulira mabuku, ndipo tsiku limene adzavote adzavotera manja amenewo.

Chipeso chinaima.

"Ananena choncho? Pamaso pa anthu onse aja?"

"Eya."

"Chabwino, ine ndinali nditatuluka. Nanga inu amene munamva, Ameni wanu anali kuti?"